Mabushi Ofiira pa Galaja ya Yakobo

Bizwick Nakhumwa anapha Yakobo Muhiwa Lachinayi masanasana, dzuwa likuswa mtengo, mu galaja ya Yakoboyo pa Thuchila. Chigayo cha pafupi chinkalira. Kuseri kwa mpanda wa malata anthu ankatsatsana malonda. Mkangano wawo unayambira pa mabushi.

Bizwick anali ndi pikapu yakale yoyera imene ankanyamulira nandolo ndi chimanga kuchokera ku Muloza. Galimotoyo inali itayamba kugwedera. Ikagunda bampu, bodi ya kutsogolo, muja mumakhala dalaivala, inkadumpha n'kugogoda chasisi, chitsulo chapansi chonyamula galimoto yonse, ngati munthu akumenya mgolo wopanda kanthu. Mabushi amene amakhala pakati pa bodi ndi chasisi anali atatha. Ena anali atang'ambika, ena ataphwatalala ndi oyilo ndi ukalamba.

Pobwera ku galaja Lachitatu, Bizwick ananyamula akeake m'jumbo. Anali ofiira, olimba ngati chiboda cha ng'ombe, a pulasitiki ija amati poliyuritheni. Anati anamugulira mnzake ku Joni. Anati amenewa sawola ndi oyilo, saphwatalala ndi matumba, ndipo ukaika waika.

Yakobo anawatembenuza m'manja n'kuwabwezera m'jumbomo. Anali bambo wa imvi, wamakani, wosadziwa kugonja pa nkhani ya galimoto. Anati zimenezo n'zoona pa galimoto ya mafupa olimba, koma nkhalamba ngati iyi imafuna mabushi a labala. Labala amameza mabampu. Ofiirawo sameza kanthu, nkhonya yonse ya msewu amaipereka ku chitsulo, ndipo chitsulo chodyedwa ndi dzimbiri sichichedwa kung'aluka. Anati girisi akauma amalira ngati mbewa, ndipo pa msewu wafumbi msana wa dalaivala ndi umene umamva kuwawa.

Bizwick anati msana ndi wake. Anati labala wa masiku ano ndi wabodza, amamudula ku matayala akutha, ndipo iye amanyamula katundu wolemera, osati akwati opita ku tchalitchi.

"Mukufuna ndizibwera kuno chaka ndi chaka kudzasintha labala kuti inu muzidya," anatero. "Amakaniko ndimakudziwani."

"Galimoto ndi yanu, koma dzanja ndi langa. Zofiirazi sindiika."

Analekana Lachitatulo atatukwanana. Bizwick sakanapita nayo kwina chifukwa mabawuti a mbali imodzi anali atamasulidwa kale. Lachinayi anabweranso ndi jumbo yomweyo ndi mawu omwewo. Yakobo analumbira kuti amuonetsa ndi maso. Anaika jeke pansi pa bodi, mbali ya kumanzere, n'kuikweza kwambiri kuposa mmene ntchitoyo inkafunira. Mumpatamo anaikamo chipika cha bulugama, monga ankachitira nthawi zonse. Kenako analowetsa mutu ndi phewa n'kuyamba kupala matope pa chitsulo chimene bushi imakhalapo.

"Bwerani muone nokha. Apa panathyokapo kale, wina anawotcherera. Mukaikapo ofiira anuwo pathyokanso mvula isanagwe."

Anapalanso. Kenako dzanja linaima.

"Apa ndinawotcherera ndine."

Anapotoza khosi mumpatamo n'kumuyang'ana Bizwick. Anayang'ananso chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakumana ndi nkhope yoidziwa kudera lachilendo. Za mabushi sananenenso.

Bizwick anayang'ana kuchipata. Kunalibe munthu. Anasolola chipika chija n'kuchiponya pambali. Yakobo anayesa kubwerera m'mbuyo, koma Bizwick anamutsamira ndi bondo pamsana, dzanja lake likupotokola kabawuti kotsitsira jeke. Bodi inagwa kamodzi n'kamodzi. Miyendo ya Yakobo inapalasa fumbi, kenako inaleka.

Bizwick anaimirira, anapukuta manja pa buluku, anadikira pang'ono. Ndiyeno anathamangira kuchipata akukuwa kuti anthu abwere, jeke yaterereka.

Woyamba kufika anali Anesi, mkazi wa Yakobo, amene ankakazinga zitumbuwa kuseri kwa mpandawo. Amuna a kuchigayo anabwera ndi mitengo n'kutukula bodi. Bizwick anatukula nawo, ndipo ndi amene anaimitsa minibasi. Yakobo anamwalira m'njira, asanafike kuchipatala cha pa boma.

Sajeni Millie Khomba, wapolisi wofufuza milandu, anafika pa galajapo dzuwa litapendeka. Anali mayi wamfupi, wa mawu otsika, wosakonda kubwereza funso. Anapeza anthu atadzaza. Anapezanso thirakitala itaima pachipata ndi tcheni. Bizwick anali ataiitanitsa kuti ikoke pikapu yake.

Millie anauza wa thirakitala kuti azipita. Bizwick anayandikira maso ali ofiira. Anafotokoza kuti iye anali pachipata akuyankha foni, anangomva chiphokoso. Anati malemuwo anali munthu wabwino, koma zida zawo zinali zakutha. Anati galimoto akuifuna chifukwa ku Muloza kuli nandolo wa anthu amene akumudikira.

"Munthu wafera pansi pa galimoto yanu masana ano, inu mukuganiza za nandolo?"

"Ana anga sadya chisoni, mayi."

Millie anagwada pafupi ndi jeke. Jeke yoterereka imagwa cham'mbali. Iyi inali chiimire pa thabwa lake, itatsika mpaka pansi, kabawuti kake kali komasula. Chipika cha bulugama chinali uko, pafupi ndi mulu wa matayala. Bizwick anati anthu ambiri agwiragwira zinthuzo pomuchotsa munthu. Amuna a kuchigayo anati mwina n'zoona, sakukumbuka bwino, mitu inali itasokonezeka.

Anesi anali atabwerako kuchipatala. Anakhala pakhomo la kanyumba kosungira zida, chitenje chili magazi okhaokha. Sankalira. Ataona Millie akulankhula ndi Bizwick anaimirira.

"Mwagwirizana kale? Wakulonjezani chiyani?"

Millie anamuuza kuti asamale pakamwa. Anesi anati asamale pakamwa chifukwa chiyani, mwamuna wake ali ku mochale. Anati wakhala ndi Yakobo kuyambira ali mtsikana, ndipo sanamuonepo akulowetsa ngakhale chala pansi pa bodi popanda chipika. Anati mpanda ndi wa malata, mawu amadutsa. Mkangano wa dzulo anaumva, wa lero anaumva. Ndipo chiphokoso chisanamveke, anamva mwamuna wake akunena kuti apa ndinawotcherera ndine.

Millie anatembenukira kwa Bizwick n'kumufunsa ngati malemuwo anaigwirapo galimotoyi m'mbuyomu.

"Sanaigwirepo. Ndinaigula ku Mzuzu chaka chatha. Kwa a Muhiwa kuno n'koyamba kubwera nayo."

"Nanga anawotcherera liti?"

"Afunseni mayiwa. Chigayo chikulira choncho munthu angamve chiyani? Chisoni chawazunguza mutu."

Anesi anatola sipanala yaikulu. Anthu anamugwira isanachoke m'manja. Bizwick anabwerera m'mbuyo akuloza chala, akuti onse aone amene ali wachiwawa. Anati za m'nyumba mwa anthu sizidziwika, ndipo mkazi amene amakhala kuseri kwa mpanda tsiku lonse akhoza kuyandikira jeke nthawi iliyonse. Anesi anamulavulira. Malovu anagwera pa nsapato.

Millie anamutengera Bizwick kupolisi. Mkulu wake atamva zonse anati umboni ndi wochepa. Munthuyo ndi amene anakuwa, ndi amene anatukula nawo bodi, ndi amene anapeza minibasi, ndipo palibe amaphera mnzake mabushi. Analamula kuti apereke sitetimenti, azipita, adzaonekerenso Loweruka masana. Galimoto yokha Millie anaikaniza. Anaikoketsa n'kuiika kuseri kwa ofesi.

Potuluka Bizwick anaima pakhomo. Anati akuluakulu a pa boma amamwa nawo limodzi, ndipo ntchito yofufuza amuna si ya munthu amene akanayenera kukhala kunyumba akuphikira ana. Millie anamuyankha kuti Loweruka asachedwe.

Yakobo anamuika m'manda Lachisanu. Bizwick sanabwere. Anatumiza thumba la ufa, ndipo Anesi analamula kuti alibweze losamasula. Anthu atayamba kubalalika, Millie analowa m'nyumba ya siwa n'kukhala pamphasa pafupi ndi namfedwayo. Anesi anamuyang'ana cham'mbali. Anati ngati abwera kudzapepesa, apepese azipita.

Millie anati sanabwere kudzapepesa. Anati dzulo madzulo anakwawira pansi pa pikapuyo ndipo powotcherera paja anapaona, pakale, pogwiridwa ndi munthu wodziwa. Anaonanso kuti pamene pamakhala nambala ya chasisi panapalidwa ndi girayinda n'kudindidwa nambala ina. Anafuna kudziwa kuti Yakobo anawotchererapo chasisi za ndani.

Anesi anati mwamuna wake ankadana nayo ntchito imeneyo. Ankati chasisi yothyoka ndi bokosi la maliro loyenda, ndipo anthu ankawabweza. Asanasamukire pa Thuchila ankakhala pa Muloza. Kumeneko anavomera kamodzi kokha, chifukwa wopemphayo anali mnzake woimba naye kwaya, Evance Mulekano, amene anali ndi pikapu yabuluu.

"Ali kuti Evanceyo?"

"Anasowa. Papita zaka ziwiri. Anthu ena anamuchita hayala kuti akatenge katundu ku Milanje, tsidya la Mozambiki. Iye osabwerera, galimoto osabwerera."

Millie anabwerera kuofesi kusanade. Anatenga mpeni n'kupala penti mkati mwa bodi ya kumbuyo yonyamulira katundu, pakona pamene matumba safika. Pansi pa zoyera panatuluka buluu. Anapalanso pa chitseko cha dalaivala. Pamenepo panali poyera mpaka pachitsulo. Bodi ya kutsogolo inali ya galimoto ina. Chasisi ndi bodi ya kumbuyo zinali za inanso.

Loweruka m'mamawa anakwera minibasi ya ku Muloza. Edna, mkazi wa Evance, anamupeza akutchola tiyi m'munda wa esiteti ina, dengu lili kumsana. Kapitawo anamulola kutuluka mumzere. Atamva kuti mlendoyo ndi wapolisi, Edna anafuna kubwerera mumzere momwemo.

Anati za apolisi anathana nazo. Mwamuna wake atasowa anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, kuno ndi tsidya lomwe, ndipo kulikonse ankamufunsa ngati kunyumba kunali mtendere. Kenako mphekesera inabuka yakuti Evance ali ku Mocuba ndi mkazi wina. Amene anaifalitsa kwambiri anali Esteri, mchemwali wa Evanceyo, wogulitsa nthochi pafupi ndi chipata cha malire. Esteri ankauza aliyense kuti mchimwene wake anathawa pakamwa pa Edna. Abale a mwamunayo anasiya kumupatsa moni. Anabwera kudzatenga njinga ndi wailesi, akuti ndi za mwana wawo. Ana ake kusukulu ankawatchula ana othawidwa.

"Ndiye lero mukufuna chiyani? Mwamupeza ndi mkazi wakeyo?"

"Ndapeza galimoto. Ndikufuna mudzaione."

Edna anatula dengu. Anadutsira kunyumba kwake, ku nyumba za kampani, n'kutenga kachingwe ka makiyi awiri apadera amene Evance ankamusungitsa. Akabaza anawanyamula mpaka pa depoti. M'njiramo Edna sanathe kudzigwira, anawauza kumene akupita ndi chifukwa chake. Akabazawo ankamudziwa Evance. Njinga ikawafera panjira ankawakweza ndi njinga yomweyo osawalipiritsa.

Atafika pa Thuchila Edna anazungulira pikapuyo. Anati si iyi, yawo inali yabuluu, ndipo mipando si imeneyi. Kiyi woyamba anakana pa chitseko, anakananso polizira injini. Millie anamutengera cham'mbali, pa chivindikiro cha thanki ya dizilo. Edna analowetsa kiyi wachiwiri, wamng'ono uja. Anazungulira mosavuta. Chivindikiro chinatsala m'manja mwake.

Anachiyang'ana. Kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo, msana atatsamira tayala, n'kufunsa kuti amene amayendetsa galimotoyi dzina lake ndani.

Anesi anali atamva kuti Edna wabwera. Anatulukira kuseri kwa ofesiko, m'mutu atameta, azakhali ake akumutsatira kuti abwerere kunyumba. Anesi ndi Edna ankadziwana kale ku Muloza. Edna anaimirira kuti amupepese, koma Anesi sanalandire dzanja.

"Mwamuna wanga wafera galimoto ya mwamuna wanu. Ankakana kuiwotcherera. Anamukakamiza."

"Inu wanu mwamuika m'manda," anatero Edna. "Ine wanga ndilibe pokalira."

Anayang'anizana. Anesi anatembenukira kwa Millie n'kumuuza kuti ngati munthu uja wawoloka malire, magazi a Yakobo akhala pamutu pa amene anamutsegulira chitseko Lachinayi.

Mkulu wa Millie anabwera kudzaona kiyi ali pa chivindikiro. Anapereka galimoto ya polisi ndi apolisi awiri. Masana anakwana, Bizwick osaoneka. Foni yake inali yozima. Millie ndi apolisiwo ananyamuka ndi Edna yemwe. Kunyumba kwa Bizwick ku Limbuli mkazi wake anati bambo achoka ndi chikwama, sananene kopita, n'kutseka chitseko apolisi akadali chiimire.

Nkhani inali itamufika Bizwick kudzera mwa osintha ndalama a pa malire, amene anaimva kwa akabaza. Sanayerekeze kudutsa pachipata. Anayenda wapansi mpaka kuseri kwa msika wa Muloza, anavala chipewa, n'kuimitsa kabaza. Anauza woyendetsayo, bambo wina dzina lake Brave, kuti amudutsitse njira ya m'tiyi yotsikira kumtsinje, kumene anthu amawoloka osaonetsa mapepala.

Brave anamuzindikira kuti ndi mwini wa pikapu imene apolisi anaigwira ija, koma anavomera. Anapalasa bwinobwino mpaka pa kamlatho ka matabwa pamene akabaza anzake amapumira pansi pa mtengo wa mango. Pamenepo anatsika, akuti tcheni chaguluka. Anagwada ngati akukonza, n'kuimba likhweru.

Bizwick anazindikira mochedwa. Anathamangira m'munda, koma m'tiyi sathamangamo. Mitengo yake imafika m'chiuno ndipo imakola miyendo. Akabazawo anamugwira asanafike pakati. Bizwick anatulutsa mpeni n'kumucheka Brave pamkono. Wina anamumenya ndi pampu ya njinga kumutu. Anamukokera kumsewu, mpaka pafupi ndi msika.

Apolisi anamva za chipwirikiticho ali m'njira n'kuthamangira kumsikako. Pamene galimoto ya polisi inkafika, gulu linali litakula. Panali ogulitsa, osintha ndalama, ndi otchola tiyi amene anali ataweruka. Bizwick anali pansi, malaya atang'ambika, diso limodzi litatsekeka. Tayala linali kale m'khosi mwake. Munthu wina ankabwera ndi botolo la petulo wogulitsa m'mbali mwa msewu.

Millie anatsika n'kulowa pakati pa anthu osathamanga. Wapolisi mmodzi anakweza mfuti m'mwamba. Anthu anatukwana. Ena anati apolisi abwera kudzapulumutsa mnzawo wowamwetsa mowa, mawa adzakhala ali pamsewu ndi galimoto ina. Mwala unagunda galasi. Millie analanda botolo lija n'kulikhuthulira m'ngalande. Anati amene akufuna kuyatsa moto ayambe watentha iye, ndipo akumbukire kuti munthu wakufa sanena kumene anasiya mnzake.

Mawu amenewo ndi amene anabweza anthu pang'ono.

Bizwick anakwawa n'kugwira mwendo wa Millie. Kenako anatambasula manja onse awiri.

"Ndimangeni, mayi. Chonde ndimangeni."

Millie anamuvula tayala, anamumanga unyolo, n'kumuuza kuti wamangidwa pa mlandu wopha Yakobo Muhiwa ndi kusowetsa Evance Mulekano. Apolisi awiri aja anamukokera kugalimoto. Koma pachitseko chakumbuyo panali pataima Edna, atachitsamira ndi msana.

Millie anamuuza kuti apatuke, nthawi palibe, anthuwa angasinthe maganizo. Edna anati asinthe, iye sachoka.

"Mwamuna wanga ali kuti?"

Bizwick anayang'ana Millie. Millie anayang'ana gulu, limene linali litayambanso kuyandikira. Sanamuthandize.

Bizwick analankhula motsitsa, magazi akutuluka m'kamwa. Anati anali atatu. Anamuchita hayala Evance n'kumuimitsa m'nkhalango ya bulugama asanawoloke malire. Anati amene anamenya ndi mnzake wa tsidya, iye anangoyendetsa galimoto. Anamukwirira m'dzenje lakale lokumbamo dothi la njerwa, pafupi ndi mtsinje wa Ruo, ndipo akhoza kukalozera. Bodi ya kutsogolo anakaisintha tsidya, nambala anadinditsa komweko. Anati a Muhiwa sanafune kuwapha, ndipo sankadziwa kuti anakhalapo ku Muloza. Koma bambowo anamuyang'ana, ndipo anadziwa kuti akatulutsa mutu mumpatamo zonse zatha.

Edna sanagwe, sanalire. Anakweza mutu n'kufufuza m'gulumo mpaka anapeza amene ankamufuna. Esteri anali kumbuyo, lichero la nthochi lili pamutu.

"Alamu, bwerani kuno kutsogolo."

Anthu anapatuka. Esteri anabwera akukoka miyendo, n'kutula lichero pansi.

"Nenanso," Edna anauza Bizwick. "Mokweza. Awa sanamve."

Bizwick ananenanso. Tsiku limene Evance anachoka pakhomo ndi lomwelo anafa. Ku Mocuba sanafikeko. Mkazi wina kunalibe.

Esteri anagwira pakamwa, anagwada, n'kuyamba kulira akutchula dzina la mchimwene wake. Edna anachoka pachitseko. Apolisi anamukankhira Bizwick mkati n'kutseka, ndipo dalaivala analiza injini. Millie anaitana Edna kuti akwere kutsogolo akapereke sitetimenti. Edna anati abwera mawa. Lero akupita kukauza ana ake kuti bambo awo sanawathawe.

Esteri anakwawa n'kugwira nsonga ya chitenje chake, akuti alamu, alamu. Edna anachisolola m'manja mwakemo, anachimanganso bwino m'chiuno, n'kulowa njira ya m'tiyi yekha.